Mawotchi asanu, nyumba imodzi: zolemba za ntchito yanga yokonza nthawi pakhomo ku Bangwe

Sabata yoyamba, Lamulungu usiku

Ndayamba kulemba izi chifukwa cha manyazi amene ndinachita Lachiwiri lapitali. Ndimayenera kukwera basi ya 6 koloko m'mawa kupita ku Lilongwe, magetsi anali atazima kuyambira masana a dzulo lake, foni inafa ine ndili mtulo, nde alamu yake inafera konko. Ndinadzidzimuka kudakali mdima, kuunika pakhoma ndi tochi wotchi ikuti 3:40, ndinati aaa bola ndigonekonso pang'ono. Kudzukanso kunja kwayera, ana a sukulu akudutsa pamsewu, wotchi ija ikadali pa 3:40 pompaja kkkk. Basi inapita, tikiti inapsa, ndipo mayi anga mankhwala awo a BP anamwa mochedwa tsiku limenelo chifukwa nawonso amadikira ine kuti ndiwauze nthawi.

Nde ndaganiza kuti mwezi uno ndithane nayo nkhaniyi. Ndikufuna pakhomo pano pakhale nthawi imodzi yoti tonse tiziikhulupirira, magetsi alipo kaya palibe.

Mawotchi tili nawo asanu ukawerenga ndi foni. Pali yapakhoma ija ya batire limodzi la AA, pali alamu ya wailesi yolumikiza kumagetsi imene achimwene anabwera nayo kuchokera ku Joni, mpaka pano ili ndi pulagi yake ya mano ozungulira nde timaiika pa adaputa chifukwa masoketi athu ndi a mano atatu amakona aja. Pali Seiko 5 ya malemu bambo anga, yosalira batire, imayenda ukamagwedeza mkono. Ndiye pali ka Casio F-91W kakuda kapulasitiki kamene ndinagula kalekale ndikukaiwala mudilowa, lero ndakapeza kakuyendabe ngati palibe chachitika.

8 koloko usiku uno ndatchera onse mofanana ndi foni, poti foni imatenga nthawi ku netiweki. Seiko yandivutako, makina ake ndi aja a 7S26 oti ukasolola kopukusira kapambali muvi wa masekondi suima, umangopitirira, nde ndangolemba mukope kuti yayamba ili patsogolo ndi masekondi 12. Ndiziyang'ana tsiku lililonse 8 koloko yomweyo.

Lachitatu

Yapakhoma yaimanso, batire ndinaika latsopano Lamulungu lomwe lija. Nditaitsitsa ndikuiyang'ana bwinobwino kumbuyo ndapeza kuti pogwira batire pali zoyera ngati mchere, penapake zobiriwira, kutanthauza kuti batire lina lakale linatayikira momwemo ndipo kachitsulo kadyeka. Nde magetsi amadutsa mwa apo ndi apo, chitseko chikamenyeka mwamphamvu wotchi imaima. Ndapukuta ndi kathonje koviika mu vinega, ndaumitsa, ndapala ndi sandipepa mpaka kachitsulo kawala, ndikukapinda pang'ono kuti kazifinya batire. Yayamba kuyenda. Mlandu wa Lachiwiri lija wapezeka mwini wake, ndipo mwini wake kwenikweni ndi ine amene ndimagula timabatire totchipa tapamsewu ndikutisiya momwemo chaka chonse.

Sabata yoyamba yatha, Lamulungu

Zotsatira zake ndi izi. Casio yathamanga ndi masekondi awiri okha sabata yonse, mwinanso imodzi mwa iwo ndi diso langa. Yapakhoma chiikonzereni yatsalira ndi masekondi pafupifupi 3. Alamu ya wailesi sindingaiwerengere nkomwe, magetsi azima katatu sabata ino ndipo akabwera imayambira pa 12:00 kumangophethira ngati mwana wolakwa, kumbuyo kwake kuli malo a batire la 9V losungira nthawi koma mulibe kanthu kuyambira kale.

Koma Seiko ndi imene yandidabwitsa, ikumathamanga ndi mphindi pafupifupi 4 patsiku. Patsiku! Makina amtundu umenewu akamayenda bwino amaphonya ndi masekondi makumi angapo patsiku basi, osati mphindi. Bambo anga anali munthu wosunga nthawi kwambiri, kutchalitchi amafika belu lisanalire, sangakhale kuti ankayenda ndi wotchi yabodza chonchi zaka zonsezo. Pali chimene chalakwika ili m'manja mwanga.

Sabata yachiwiri, Loweruka

Ndinatsikira ku Limbe ndi Seiko. Pali madala ena okonza mawotchi pakhonde la sitolo, kathebulo kawo kagalasi kodzaza ndi malamba, mabatire a SR626 ndi a CR2016 ali pakapepala, ndi mitembo ya mawotchi imene eni ake sanabwererenso kudzatenga. Ndinawapatsa, sanatsegule nkomwe poyamba, anangoiika kukhutu kaye kumvetsera, kenako anafunsa kuti "Achimwene, usiku mumaigoneka pati?"

Ndinati pamwamba pa sipika ya wailesi yaikulu, pafupi ndi bedi.

Anaseka mpaka kuvula kagalasi kawo kapadiso. Anatulutsa kakampasi kakang'ono mudilowa, ndikuyendetsa wotchi ija pamwamba pake, muvi wa kampasi nkumatembenuka kutsatira wotchi ngati galu waona nyama. Akuti yalowa maginito. Mkati muli kasipuling'i kopyapyala ngati tsitsi kamene kamapinda ndikutambasuka kuti gudumu lake lizipita uku ndi uku, ka 21,600 pa ola, kutanthauza kasanu ndi kamodzi pa sekondi. Maginito a sipika akalowa, mizere ya kasipuling'i kaja imamatirirana, kamakhala ngati kafupika, nde gudumu limathamanga. Palibe chothyoka, ingofunika kuchotsa maginito basi.

Anatulutsa kabokosi kabuluu kochotsera maginito, kulumikiza pasoketi ya musitolo, kudina batani, zii. Magetsi kulibe kkkk. Wotchi yosalira batire, yosalira magetsi, koma mankhwala ake akufuna magetsi a pasoketi. Tinakhala pamenepo pafupifupi maola awiri tikucheza, anandiuza kuti masiku ano ntchito yawo yambiri ndiyosintha mabatire ndi kudula malamba, achinyamata amangoyang'ana pafoni, obwera ndi mawotchi amakina ndi anthu ngati ine otenga za makolo. Magetsi atabwera ntchito yake sinathe ndi mphindi imodzi yomwe, anaiika pakabokosi, kudina, ndikuikweza m'mwamba pang'onopang'ono mpaka mkono wonse, kawiri. Kubwerera pakampasi, muvi uli phee.

Anatsegula kumbuyo kundionetsa kachitsulo kosinthira liwiro, kali ndi + mbali ina ndi - mbali ina, koma anakana kukakhudza. "Pitani mukaivale kaye sabata, mukabwere ndi kope lanulo. Tikakhudza lero tikhala tikulota." Anandiuzanso kuti mafuta ake auma, ikufunika kuphwasula ndikutsuka, koma zimenezo ndi za mwezi wamawa, thumba lakana.

Ndinawaonetsanso Casio kuti kodi ndi yeniyeni poti zabodza zadzaza mumsika. Anadina batani lakumanja ndikuligwira masekondi atatu, pagalasi panatuluka mawu oti CASIo. Akuti ndi chizindikiro chabwino ngakhale akuba ena anaphunziranso zimenezo.

Sabata yachiwiri, Lamulungu

Tsopano mbali ya magetsi. Cholinga changa sichachikulu, sindikufuna kuyendetsa firiji kapena ayironi, ndikungofuna mafoni asamafe, mababu atatu aziyaka, ndi alamu ya wailesi ija isamazime. Ndapeza panelo ya sola ya 100W, batire la 12V 50Ah, kontirola ya 10A yoyang'anira katchajidwe ka batire, ndi ka inveta ka 300W kotchipa, kosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a pasoketi, kamene mnzanga wa kuntchito wandigulitsa.

Masamu ake ndachita chonchi, 12 kuchulukitsa ndi 50 ndi 600Wh, ndiyo mphamvu yonse imene batire lingasunge, koma batire lamtundu uwu ukamalikama mpaka pansi silichedwa kufa nde ndiziwerengera theka, 300Wh. Mababu atatu a 5W kwa maola asanu ndi 75Wh, mafoni atatu mwina 45Wh onse pamodzi, alamu ija imadya pang'ono koma inveta payokha imadyanso ikangoyaka ngakhale usalumikize kanthu. Zikukwana, malo otsala alipo.

Anthu amene anakhala ku Blantyre kuno mu 2022 akudziwa chifukwa chake sindikufunanso kudalira mwayi. Magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje umodzi, Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, nde namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale chaka chimenecho tinataya pafupifupi 130MW kamodzinkamodzi, ndipo zinatenga kupitirira chaka kuti abwerere. Nthawi imeneyo ndinkatchajitsa foni kubabashopu ya jenereta.

Sabata yachitatu, Lachiwiri

Panelo yakwera padenga. Ndaiyang'anitsa kumpoto, poti ife tili kumwera kwa equator ndipo miyezi yozizira ino dzuwa limadutsa chakumpoto, ndaipendeketsa pang'ono kuti mvula izitsuka fumbi. Mnyamata wapaneba amene amandigwirira makwerero amalimbikira kuti iyang'ane kum'mawa "kumene dzuwa limatulukira", tinakangana mpaka ndinamuonetsa mthunzi wa mtengo wa mapeyala masana kuti ukugwera mbali iti.

Polumikiza ndinayamba batire kupita ku kontirola, kenako panelo pomaliza, chifukwa kontirola imayenera kudziwa kaye kuti batire ndi la 12V. Apo ndinakhoza. Pamene ndinalakwa ndi pa waya wa inveta. Ndinatenga waya wotsala wa mababu, woonda uja, ndikuti bola ukufika. Nditalumikiza laputopu ndi TV kuyesa, patangopita mphindi zochepa ndinamva kafungo kapulasitiki, kugwira waya wafunda ngati mbatata yootcha. Ndinaiwala kuti ku mbali ya 12V mphamvu yomweyo imafuna ma amp ambiri, 120W pa 230V ndi theka la amp koma pa 12V ndi 10A, inveta ikadzaza 300W ndi 25A kapena kuposa. Ndinazimitsa msangamsanga, mayi a kunyumba atayima pakhomo manja m'chiuno osayankhula kanthu, zomwe zimapweteka kuposa kukalipa. Mawa ndikagula waya wonenepa, wamfupi, ndi fyuzi yoika pafupi ndi batire penipeni. Musachite zimene ndinachitazi chonde.

Lachinayi

Waya wasinthidwa, fyuzi ilipo, palibe chikufunda. Alamu ya wailesi ndaisamutsira pa inveta kuti isamaonenso mdima. Ndatchera 8 koloko usiku ndendende. Wailesi yake ikulira ndi kaphokoso ka zzzz pansipansi kamene kunalibe pamagetsi apakhoma, ndi chifukwa choti inveta yotchipa situlutsa magetsi osalala, imatulutsa odukaduka ngati masitepe. Ndapirira.

Lachisanu m'mawa

Apa nde pali nkhani. Alamu ndinatchera 6 koloko, yalira bwinobwino, ine kudzuka monyadira kuti ntchito yatheka, kuyang'ana pa Casio ikuti 5:56. Foni nayo 5:56. Maola khumi okha alamu yathamanga ndi mphindi 4, chonsecho sinazime ngakhale kamodzi.

Ndakhala nazo tsiku lonse kuntchito mpaka ndamvetsa. Mawotchi ambiri olumikiza pasoketi alibe chowerengera nthawi chawochawo, amawerenga kugunda kwa magetsi. Magetsi athu ndi a 50Hz, amapita ndikubwera ka 50 pa sekondi, nde wotchi imangowerenga, ikafika 50 imati sekondi yatha, ikafika 3,000 imati mphindi yatha. Ku Joni nakonso ndi 50Hz nchifukwa chake inkayenda bwino pakhoma. Tsono ka inveta kanga kamalemba 50Hz pachikuto koma mkati kamapanga zake. Mphindi 4 ndi masekondi 240, maola khumi ndi masekondi 36,000, ukagawa ukupeza kuti kakuthamanga pafupifupi 50.3Hz. Kwa babu kapena chaja ya foni zimenezo sizikhudza kanthu, koma kwa wotchi ndi mphindi pafupifupi 10 patsiku, pa sabata ola lathunthu ndi kuposa.

Ndipo si za ife osauka tokha ayi. Kumayambiriro kwa 2018 ku Europe mawotchi a pa ma oven ndi ma alamu ngati yangayi anatsalira ndi mphindi pafupifupi 6 m'mayiko ambirimbiri, chifukwa cha mkangano wa magetsi pakati pa Serbia ndi Kosovo umene unatsitsa kugunda kwa magetsi a onse kufika pa 49.996Hz kwa masabata angapo. Kusiyana kwa kadontho kotere, anthu a ku Germany mpaka ku Portugal nkumachedwa. Nde ine ndi 50.3 yanga ndingadandaule chani.

Njira zilipo ziwiri, kugula inveta yabwino ya pure sine, yotulutsa magetsi osalala, imene ndalama yake ndilibe komanso sindingalumbire kuti idzakhala pa 50 ndendende, kapena kuichotsa alamuyi paudindo. Ndasankha yachiwiri. Ibwerere pakhoma, ikhale wailesi yomvera nkhani ndi mpira basi, za nthawi isamayankhulenso. Ubwino wake inveta sizigonanso yoyaka usiku wonse kudya batire chifukwa cha chinthu chimodzi. Mafoni tizitchaja pa USB ya kontirola mwachindunji, mababu ndagula a 12V.

Sabata yachitatu, Lamulungu

Seiko chichotsereni maginito ikuthamanga ndi masekondi 20 mpaka 25 patsiku. Kuchoka pa mphindi 4! Ndayesanso zimene madala aja anandinong'oneza, kuti kagonekedwe kamasintha liwiro. Ndikaigoneka chagada nkhope kumwamba imathamanga kwambiri, ndikaigoneka chammbali kopukusira kali pansi m'mawa ndimapeza yabwezako masekondi angapo. Nde pano imagona chammbali, pashelefu, kutali ndi sipika. Vuto lake lina ndiloti ndikapanda kuivala kuyambira Lachisanu madzulo, Lamulungu m'mawa ndimaipeza yagona, mphamvu yake imasunga maola pafupifupi 40 okha ndipo siyopukusa ndi dzanja, umayenera kuigwedeza ngati ukusungunula shuga mukapu.

Ndimaikonda, ikakhala pamkono ndimamva ngati bambo ali pafupi, lamba wake wachitsulo adakali ndi pokandika pamene anagwera panjinga. Koma kunena zoona singakhale wotchi yoyang'anira mankhwala a munthu.

Sabata yachinayi, Lachitatu

Chiperoni chafika, masiku atatu dzuwa osaoneka, kamvula kowaza ndi nkhungu kuphimba phiri la Bangwe lonse. Panelo ikungolowetsa pang'ono, batire latsika kufika 12.1V m'mawa uno, nde ndalamula kuti TV pa inveta iyiwalike mpaka kuyere. Mafoni ndi mababu zikuyendabe. Ana akwiya koma palibe wafa.

Nkhani yovuta kuposa mawaya yakhala ya mayi anga. Ndinawapatsa Casio kuti azivala, ndatchera alamu 7 koloko ya mankhwala. Anaitembenuza uku ndi uku ndikundibwezera, akuti "Iwe, ine ndakulera wopanda chimenechi, tambala alipo, a kumzikiti amaitana m'bandakucha, dzuwa likafika pa sitepe yachiwiri ya khonde ndimadziwa kuti ndi nthawi ya phala." Ndinawauza kuti mayi, dzuwa lanulo limasuntha, mu Novembala limatuluka cha m'ma 5 koloko, pano mu Juni mpaka 6 koloko kupitirira, ndipo a kumzikiti nawonso amatsatira dzuwa lomwelo osati wotchi. Nanga lero chiperoni chonchi sitepe yanu yachiwiri ikuti bwanji? Anangoti "Mmm" ndikupitiriza kusankha nyemba.

Komatu paja iwo sakunama kwenikweni. Nthawi ya pawotchi ya dziko lonse lino, imene tili nayo limodzi ndi Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa, ndi maola awiri patsogolo pa ya Greenwich, yowerengedwa pa mzere wa madigiri 30. Blantyre ili cha pa 35, digiri iliyonse ndi mphindi 4, nde kuno dzuwa limafika paliwombo cha m'ma 11:40, pena kale pang'ono pena mochedwerapo malinga ndi mwezi. Wotchi ya mayi ya pakhonde ndi ya Bangwe yeniyeni, yathuyi ndi yogwirizana chabe. Izi sindinawauze, angandigonjetse nazo.

Amene wathetsa nkhani ndi mdzukulu wawo. Wawaveka yekha pamkono akuti agogo mukuoneka ngati a pa TV, ndikuwaphunzitsa kudina kabatani ka nyale. Usiku ndinamva kuchipinda kwawo akuseka okha, kuwala kobiriwira kukuyaka ndikuzima.

Sabata yachinayi yatha, Lamulungu 8 koloko usiku

Masiku 28 akwana. Casio yathamanga ndi masekondi 7 mwezi wonse, eni ake amalonjeza kuti siipitirira 30 pamwezi nde ili bwino kwambiri. Chinsinsi chake ndi kamwala ka quartz kamene kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi, nambala yooneka yachilendo koma ukaigawa pakati ka 15 motsatizana umatsala ndi 1, ndiye sekondi yakeyo. Sikafunsa za Shire, sikafunsa za inveta, kabatire ka CR2016 kamodzi akuti kamatha zaka pafupifupi 7. Ndikaganiza kuti wotchi yoyamba yapamkono ya quartz, Seiko Astron, inatuluka mu Disembala 1969 pamtengo wofanana ndi galimoto yaing'ono, ndiye zaka 20 zokha kenako mu 1989 kunabwera kanthu aka kamene mayi anga akutsuka nako mbale, mutu umazungulira.

Yapakhoma yatsalira ndi masekondi 20 chiikonzereni, sinaimenso. Ndalemba tsiku loika batire pakapepala ndikumata kumbuyo kwake. Seiko ndimaibweza mphindi ziwiri kapena zitatu Lamulungu lililonse, kutengera Casio ya mayi, kutanthauza kuti pano ndimagogoda kuchipinda kwawo kukapempha nthawi ndipo amandiyankha monyada ngati ndi iwo anayambitsa zonsezi.

Zotsala, alamu ya Casio ndiyotsika mawu, mayi akafunda bulangeti lawo lolemera lija saimva, kawiri sabata ino ndi mdzukulu amene waimva kuchokera pabalaza. Ndikuganiza zogula ka alamu kapathebulo ka batire la AA kokhala ndi belu lenileni. Batire la sola likufuna bokosi lamatabwa lokhala ndi mabowo, pano lili pansi pakona ndipo mphaka wayamba kugonapo. Seiko ibwerere ku Limbe malipiro akalowa, ndi kope lomwe, madala aja anati ndisaiwale kope. Ulendo wa ku Lilongwe uja ndaukonzanso Lachinayi likubwerali, basi yomweyo ya 6 koloko, ndatchera foni 4:30 ndipo mayi ati andidzutsa okha.